Ludzu la Vitalis

Madzulo amenewo mjigo wathu unali utafanso, ndipo ine ndinali ndi ndowa zouma ndi mtima wowira. Kunali m'chilimwe cha chaka chija ufa unakwera mtengo, nthawi ya chipani chimodzi. Mwamuna wanga, Gideon Daka, anali makaniko wodziwika pa Nyimba. Ndikuti anali, chifukwa lero amamata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango. Chimene chinamutsitsa ndi chimene ndikufuna ndikuuzeni, poti ine Josephine ndinalipo.

Pabwalo pathu panali vani yoyera ya a Hilary Mumba, mwini sitolo ku Petauke komanso wapampando wa chipani kwawoko. Mavani otero analipo awiri okha m'dera lonse, osiyidwa ndi azungu a zaulimi pochoka. Injini yake inkamvera kabokosi kotchedwa kompyuta, kokhala pansi pa chiwongolero, pafupi ndi mwendo wa dalaivala. Kabokosi kameneka kakapsa, sipanala ilibe ntchito. Umangochotsa n'kuika kena. Ka a Mumba kanapsa, vani n'kukhala pathu mpaka nkhuku zinayamba kuikira pansi pake.

Vani inzakeyo inali ya gulu la alimi a thonje. Inali itagubuduzika posachedwa kumapiri a njira ya ku Lusaka, dalaivala wake, Vitalis Njobvu wa ku Luembe, n'kufera pomwepo. Amene anakanena kupolisi anali a Mumba omwewo. Ati anamupeza atauma kale. Anthu anawayamikira mtima wabwino.

Masana a tsiku lija mjigo unafa, a Mumba anatulukira ndi kabokosi kena, kokulungidwa m'kansalu kong'ambidwa ku chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu. Mawaya ake anali odulidwa ndi mpeni. Pakansalupo panali banga lakuda, ndipo Gideon anayesa oyilo.

"Mwakapeza kuti aka, a Mumba? Na ku Lusaka kulibe."

"Nchito yanu ni kuika, a Daka, osati kufunsa. Nizabwela mawa kutenga motoka yanga."

Gideon analumikiza mawaya limodzi limodzi, lofiira kwa lofiira, loyera kwa loyera. Kansalu kaja anakasiya pakabokosipo, ati kamatchinga fumbi. Atapotoza kiyi, injini inalira kamodzi n'kamodzi. Galimoto akaikonza amayamba aiyesa pamsewu, tsono ine sindinachedwe. Ndinalonga ndowa zanga kumbuyo kuti tikatunge kumtsinje.

Tinatunga dzuwa likulowa. Pobwerera mdima unali utangogwa, moto ukuoneka m'makhitchini a anthu. Nyali za vani zinagwira munthu ataima m'mbali mwa njira. Anavala malaya a khaki. Anaimira mwendo umodzi, winawo uli lende.

Gideon sanafune kuima. Injini inazima yokha, vani n'kukaima pamapazi pa munthuyo. Chitseko chakumbuyo chinatseguka. Analowa, nakhala pakati pa ndowa zanga. M'galimoto monse munadzaza fungo la petulo.

"Nipaseniko manzi, amai."

Mawu ake anali otsika, aulemu. Munthu wopempha madzi sitimumana, ngakhale nkhope yake usakuiona. Ndinagwada pampando, kutunga ndi kapu n'kumupatsa. Anamwa. Anabweza kapu, ndinatunganso. Anamwanso. Ndinatchera khutu kuti ndimve kumeza, koma kunali zii.

Injini inadzuka popanda woikhudza. Vani inayamba kuyenda. Titafika pamphambano, m'malo mokhotera kwathu inalowa njira ya ku Luembe.

"Atate a Sarah, tiyenda kuti?"

"Si ndine, amake Sarah," anatero Gideon, thukuta lili kamukamu.

Anaponda buleki, phazi linangofika pansi. Anazula kiyi n'kundionetsa m'manja, injini ili kulirabe. Mitengo inkadutsa. Kapu inkabwera, ine n'kumatunga, mpaka inayamba kukanda pansi pa ndowa yoyamba. Ndinatsegula yachiwiri. Pamenepo Gideon anawerama, napisa dzanja pansi pa chiwongolero kuti azule mawaya a kabokosi kaja.

"Osanigwila mwendo futi," anatero wa kumbuyoyo.

Gideon anabweza dzanja ngati wagwira mbaula.

"Uja ananisuntha mwendo kuti afike pa kabokosi. Unali wothyoka. N'namuuza, a Mumba, nipaseniko manzi. Botolo inalimo mu motoka yao, n'naiona. Anakatenga mpeni chabe."

Ndikuuzeni zoona, mantha anandithera pomwepo, m'malo mwake munalowa ukali. Munthu wamkulu, wovala jekete, wokhala benchi lakutsogolo m'tchalitchi, kugwada m'magazi a mnzake kuti adule mawaya. Kumusiya akupuma, n'kukauza apolisi kuti anamupeza atauma. Ife n'kumawaombera m'manja.

"Ndimwe a Vitalis?" ndinafunsa.

"Sanabwele kunitenga. Nifuna kwathu."

Kapu yokha ndiyo inkapita ndi kubwera.

Kwa ine ulendowo unali waufupi, ngati wopita kuchigayo. Koma injini itazima, tambala analira, kum'mawa kutayera. Ndinacheuka. Chitseko chinali chotseka. Munalibe munthu. Ndowa zonse zinali zouma gwa, kapu itavundikiridwa bwinobwino pamwamba pa imodzi. Kutsogolo, mphuno ya vani inali itagunda mulu wa dothi latsopano. Tinali kumanda.

Amayi opita kuchitsime ndiwo anationa, nakuwa. Posakhalitsa amuna anafika ndi nkhwangwa ndi zibonga. Anaona mwamuna ndi mkazi achilendo kumanda m'bandakucha, anaona ndowa zopanda madzi, nkhani n'kutha. Kwathu kuno aliyense amadziwa chimene anthu amati wamalonda amakachita kumanda ndi ndowa: kusamba, kuti makasitomala azimuthamangira. Amunawo anamumenya Gideon makofi, namumanga manja ndi luzi. Ine ndinafotokoza zonse mpaka mawu kusasa. Anandiseka.

Kenaka anthu anapatuka. Panadutsa mayi wometa mpala, wowonda, maso ofiira. Anali Consolata, mkazi wa malemu Vitalis.

"Nioneseni kabokosi kamene mukamba," anatero.

Ndinamutsegulira chitseko. Anawerama, namasula kansalu kaja. Kenaka anatambasula m'mphepete mwa chitenje chimene anavala, chobiriwira cha maluwa achikasu, chong'ambika mbali imodzi. Anagundanitsa. Maluwa anakumana.

"N'nang'amba neka, kuti fumbi isalowe mu kabokosi kake," anatero.

Mwambo wa kwathu kuno ngwakuti munthu akafera pamsewu, abale amapita pamalopo, kumuitana dzina, kutapa dothi pang'ono n'kumuuza kuti tiyeni kumudzi. A kwa Njobvu sanapite. Mtembo unabwera ndi galimoto ya boma, ndipo kumapiri kuja n'kutali kwa anthu oyenda pansi.

"Amubweletsa aba. Amasuleni," anatero Consolata.

Amuna aja anamumasula mwamuna wanga monyinyirika. Gideon anadula mawaya amene analumikiza yekha dzulo lake, napereka kabokosi. Consolata anakaika pamanda, napempha mtsuko kwa mayi wina, nathira madzi onse pamulu uja. Dothi linamwa osasiya ndi chithaphwi chomwe.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? A Mumba anatumiza thirakitala kudzakoka vani yawo. Iwo anayamba kuzungulira, pa sitolo, pa msonkhano wa chipani, pakhomo la tchalitchi, kuuza anthu kuti makaniko Daka anaba galimoto yawo kukasambira kumanda, n'kutayako kompyuta imene iwo anaivutikira ku Lusaka. Tsono anthu akanamvera yani, wapampando wa chipani, kapena mkazi wa makaniko ndi wamasiye wa kumudzi? Magalimoto analeka kukhota pathu. Amayi anzanga pamjigo ankasuntha ndowa zawo ndikafika. Mwana wathu Sarah ankabwera kusukulu akulira, ati anzake akumutcha mwana wa osamba kumanda. Gideon ndi munthu wofatsa, anangoti Mulungu akuona. Ine kufatsa kumeneko ndilibe. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu amene anaperekeza mnzake kwawo ndiye mfiti, wodula mawaya uja ndiye bwana.

Chipani chija chinagwa, koma mbiri ya mwamuna wanga sinadzuke. A Mumba nawo anayamba kuwonda. Kulikonse ankayenda ndi botolo, kumwa, kumwa, milomo ili yong'alukabe. Ena amati ndi matenda a shuga. Madalaivala a basi amanong'ona zina, ati anawaonapo kumapiri kuja, pakona pamene vani ya alimi inagubuduzika, atagwada akuthira madzi pansi.

Tsiku lina madzulo ndikuchokera kumjigo, ndinawapeza ataima pampanda wathu. Jekete inali ikulendewera m'mapewa. Botolo linali louma. Maso awo sanali pa ine, anali pa ndowa imene ndinasenza.

"Nipaseniko manzi, amai."

Mawu omwe aja, kutsika komwe kuja. Ndinatula ndowa pakati pathu, ndinatunga kapu yodzaza, koma sindinaipereke.

"Manzi aya ni yanu, a Mumba, na ndowa yonse. Koma muyambe mwayenda paja pa msika, muuze anthu amene anadula mawaya, na mwamene munamusiyila Vitalis. Mukambe kuti Gideon Daka sanasambe kumanda. Nizakupelekezani na kapu iyi."

Msika unali pafupi, anthu asanaweruke. Anayang'ana kumsikako. Anayang'ana kapu, madzi akudontha m'zala zanga. Ananyambita milomo, ndipo ndinayesa kuti alankhula.

Anakonza jekete yawo, natembenuka, n'kumapita cha kumsewu, akukoka mwendo umodzi.