Mapiritsi a Ilham M'mwezi Wosala

Belu la mayeso a Chingerezi linalira Ilham ali chiimire pachipata cha sukulu, atagwiritsa chitsulo ndi manja onse awiri. Anzake a Fomu 4 ankalowa m'holo, koma iye miyendo inamukanira. Mtima unkagunda mpaka m'makutu, mpweya ukumuperewera.

"Ilham, tiye, akutseka chitseko," anatero Janet, mnzake wa m'kalasi, akumukoka mkono.

"Pita iwe. Ine ndikalowa mmenemo ndifa."

Janet anadikira pang'ono, kenaka anathamanga. Tisamunene, nayenso anali ndi mayeso ake. Aliyense ankadziwa kuti wopanda Chingerezi satifiketi salandira, ngakhale maphunziro enawo akhoze chotani.

Vutoli silinali lachilendo. Bambo ake atamwalira chaka chapitacho, Ilham anasiya kudya, kuseka, ngakhale kusamba. Kuchipatala cha kufupi ndi kwawo ku Nselema, dokotala wina, a Zubairu, anati akudwala nkhawa ndi kukhumudwa. Anamupatsa timapiritsi toyera, n'kulemba m'kabuku kake ka kuchipatala kuti azimwa kamodzi m'mawa uliwonse. Patatha mwezi ndi theka, mtsikana uja anayambanso kuimba potsuka mbale.

Chaka cha mayesochi Ramadhani inayamba kutatsala milungu itatu kuti mayeso ayambe. Ilham anali mwana wotsata zolembedwa, mwinanso mopitirira. M'kabuku munati m'mawa, ndipo kwa iye m'mawa ndi dzuwa litatuluka, nthawi imene wosala sameza ngakhale dontho la madzi. Inalinso Ramadhani yoyamba popanda bambo ake, choncho ankafuna kusala ndi mtima wonse. Anaponya kathumba ka mapiritsi pansi pa zovala.

"Amayi, mankhwala aja ndasiya. Ndikuona ngati ndachira," anawauza tsiku lachiwiri.

"Alhamdulillah," anayankha amayi ake. "Usazolowere mapiritsi ngati nkhalamba, mwanangu."

Onse awiri sanaganize zofunsa. Paja safunsa anadya phula.

Chinayamba ndi chizungulire. Kenaka tulo tinathawa, misozi inayamba kutsika yokha, ndipo zimene ankawerenga sizinkakhala m'mutu. Amayi ake ankati ndi njala chabe, azolowera. Ilham ankadziwa kuti mdima wa matenda aja wabwerera, koma manyazi anamutseka pakamwa, poti anali atanena yekha kuti wachira.

Tsiku la mayeso lija mlonda wa pasukulu ndi amene anamuperekeza kunyumba. Kutacha, amayi ake anamukweza kabaza kupita kwa a Zubairu.

Adokotala anamvetsera zonse osawadula. Milomo yawo inali youma.

"Inenso ndikusala, amayi," anatero. "Mukanabwera, tikanangosintha nthawi. Piritsi limeneli akanamamwera pa dakwi, pamene mukudya m'bandakucha. Ndipo wodwala chipembedzo chathu sichimukakamiza, kafunseni ashehe."

"Adokotala, wolakwa ndine," anatero amayi a Ilham, maso ali pansi. "Ndinasangalala. Ndinkafuna anthu asiye kumuloza chala."

"Kupeza bwino kuja kunali kugwira ntchito kwa mankhwala. Posiya timasiya pang'onopang'ono, titagwirizana, osati tsiku limodzi. Iwe Ilham, uyambiranso mawa, ndipo uzibwera tizicheza. Koma usayembekezere kusintha mawa lomwelo. Papita milungu."

Ilham anadzutsa mutu. Anafunsa ndi mawu otsika kwambiri.

"Nanga Chingerezi?"

A Zubairu anatseka kabuku kaja pang'onopang'ono.

"Chimenecho ndilibe mankhwala ake, mwanangu. Ndi chaka chamawa."

Apo m'pamene Ilham analira kwenikweni, kulira kwa munthu wodziwa chimene wataya. Amayi ake anamufunditsa chitenje, nawonso akupukuta m'maso.

Mapepala otsalawo Ilham sanalembe. Idi inadutsa ali chigonere m'nyumba, anzake akuyenda atatchena. Mdima unachoka mochedwa kuposa poyamba, koma unachoka.

Sukulu zitatsegulidwa, Janet anali kwawo kudikira zotsatira. Ilham anameza piritsi lake, anavala yunifolomu yake yosuluka, n'kukayambanso Fomu 4 pakati pa ana amene chaka chapitacho ankamutchula kuti achemwali.