Kumene Ali Sanafike Pamadzi

Tsiku lomaliza limene anawaona ali moyo, bambo ake anali pabedi la kukhoma m'chipatala, akutsokomola fumbi la miyala limene anapuma zaka zonse akukumba mijigo. Adokotala ankati mapapo auma ngati simenti. Bambowo anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Bwerera kusukulu, iwe." Sanabwerere. Maliro atatha anasiya koleji, nalowa ntchito pakampani yomweyo imene inadya chifuwa cha bambo ake. Anzake anamutcha Injiniya, dzina lomuseka.

Usiku wina anaweruka mochedwa, mlonda atayamba kale kuwodzera. Paphewa anasenza thumba, m'thumbamo muli biti, mutu wachitsulo wokhala ndi mano umene umatsogola pansi kukaswa thanthwe. Imeneyi anaipanga yekha, miyezi yambiri, ena onse ataweruka. Mabiti akale ankangopera fumbi lomwelomwelo pansi pa dzenje mpaka mano kutha, fumbilo n'kumafukira kumaso kwa anthu. Iye anapendeketsa mano a m'mbali, natalikitsa apakati kuti aziswa mwala m'zidutswa, nakulitsa ngalande kuti zidutswazo zizikwera ndi madzi ngati matope. Munthu asapumenso mwala.

Bwana anali atalola kuti aiyese mawa lake m'mawa, kamodzi kokha. "Ikakanika, Injiniya, mano akowo ukatafunire chimanga kwanu," anatero. Biti ina analibe, ndipo sanafune kuti igone pashopu ya kampani.

Msewu wa kwawo unkadutsa pamlatho wa mtsinje wouma. Kutsidya, m'mbali mwa msewu, panali mjigo umene sunatulutsepo madzi: simenti yong'aluka ndi paipi yotsekedwa pakamwa. Ankadutsapo masiku onse osayang'anako.

Atafika pakati pa mlatho anamva mluzu. Wapansipansi. Wosasintha.

Munthu anali atakhala pasimenti paja. Anavala ovolosi yotuwa ndi fumbi, mutu wonse mbuu, ngati wagwera mu ufa.

"Wasenza chitsulo, mwanawe," anatero munthuyo. "Ndamva mayendedwe."

"Zikomo bambo, ndikupita kunyumba."

"Tabwera nacho ndichione."

Miyendo inapita yokha. Munthuyo anapisa dzanja m'thumba, nayamba kupapasa mano aja limodzilimodzi. Dzanjalo linali ndi zala zitatu. Mpweya wake sunkamveka. Fumbi linkayoyoka m'tsitsi mwake, koma pansi silinkafika...

"Ee. Ili ndi polavulira zidutswa," anatero. "Bambo ako ankanena kuti mutu uli nawo."

"Munkawadziwa?"

"Timagwira limodzi."

"Munkagwira."

"Timagwira. Kumene tili sitinafike pamadzi. Thanthwe likukana."

Mnyamatayo anafuna kuthawa. Munthuyo anasolola sipanala m'thumba la ovolosi, nagunditsa mbali imodzi papaipi, monga amachitira okumba akafuna kumva zimene zikuchitika pansi. Mbali inayo anamulozera kuti aike khutu.

Chitsulo chinali chozizira. Poyamba panali zii. Kenako, kutali kwambiri... go. Go. Go. Kugunda kwa biti yotha mano, imene ikungosisita mwala.

Kugundako kunaima.

Wina anatsokomola!

Chifuwa chimenecho ankachidziwa. Katatu motsatizana, kenako kokoka mpweya kolira ngati chitseko. Anakula akuchimva kuseri kwa khoma la chipinda cha bambo ake.

"Atopa," anatero munthu uja. "Amati akafika pamadzi apuma. Tibwereke bitiyo."

Injiniya anakumbatira thumba lija. Anaganiza za mawa, za bwana, za anzake amene akanasiya kuseka, za anthu amoyo amene fumbi linali kuwadikira. Anaganiza za miyezi imene ankanola chitsulo m'malo molira. Pansi paja chifuwa chinayambanso.

"Akunenapo za sukulu?" anafunsa.

"Akungofunsa ngati ukudya."

Anatsitsa thumbalo pasimenti. Sanamve kugunda kwake. Atatukula maso panalibe munthu, panalibe thumba. Mluzu wokha, ukutsika... ukutsika... m'kati mwa paipi.

Anathamanga!

Amayi ake anatsegula chitseko ali ndi nyali m'manja. "Nthawi ino? Ukufuna undiphe ndi mtima? Nanga chitsulo chako chija, mkazi wako uja umagona naye, wamusiya kuti?"

"Ndabwereketsa, amayi."

"Usiku? Kwa ndani?"

"Mnzawo wa bambo. Wa zala zitatu. Amaimba mluzu."

Amayiwo anaika nyali pansi pang'onopang'ono, nakhala pakhomo pomwepo. Anakonza mpango umene unali bwinobwino.

"A Mluzu," anatero. "Iwe unali kusekondale yogonera, sunawadziwe. Mjigo wa pamlatho uja ankakumba ndi bambo ako. Biti inakanirira m'thanthwe, paipi inaduka, n'kuwamenya a Mluzu pachifuwa, n'kufera pomwepo. Bambo ako anawanyamula okha. Dzenjelo anatseka osafika pamadzi." "Anena chiyani za bambo ako?"

"Akuti atopa. Akufunsa ngati ndikudya."

Amayiwo anaseka kamodzi, misozi ili mbwembwembwe. "Ndi iwowo. Munthu ali pansi pa nthaka, nkhawa ili pamimba ya mwana." Anadzuka kukamutenthetsera chakudya, ndipo iye anadya chonse, iwo akumuyang'ana.

Kutacha sanapite kuntchito. Foni ya bwana inalira mpaka inatopa. Anabwerera pamlatho, nagwada, naika khutu papaipi. Munali chete. Sanadziwe ngati ndi chete wa anthu amene afika pamadzi, kapena wa paipi wamba imene inatsekedwa kalekale. Anafufuza m'udzu monse, biti osaipeza.

Podzuka anaona zolemba pangodya ya simenti, zimene wina analemba ndi chala simentiyo isanaume. Anachotsa dothi ndi dzanja la malaya. Zilembo zopendekera kumanzere, ngati zimene zinkasaina malipoti ake a sukulu.

Mluzu, mnzanga. 9 Okutobala 2014.