Kamera Yomangidwa ku Tayala

Fagness anadina batani, ndipo dziko la pakompyuta linayambanso kuzungulira. Minda ya mpunga inapita kumwamba, mitambo n'kubwera pansi, kenako mpunga kumwambanso. Jessie, mnzake amene ankayesa gemuyo, anagwira pamimba.

"Iwe, ine ndisanza. Gemu yanji yochititsa chizungulire chonchi?"

Linali Loweruka m'mawa. Masana ake kusukulu kwawo, kufupi ndi Golomoti, kunkabwera alendo odzasankha ana oti akaphunzire kupanga magemu ku Lilongwe pa holide. Gemu ya Fagness inali ya wakabaza wodutsa m'minda ya ku Bwanje, akuzemba maenje ndi mbuzi. Njinga inkayenda bwinobwino. Vuto linali kamera, diso lija limene wosewera amaonera zonse za m'gemu. Njinga ikangosuntha, kamera inkagubuduka ngati dzungu.

Chowawa n'chakuti poyamba kamerayo inalibe vuto. Anaikonza ndi Wisdom, mnyamata amene ankapanga naye gemuyo. Koma Fagness atamva kuti malo a ku Lilongwe ndi ochepa, dyera linamugwira. Anafufuta dzina la Wisdom koyambirira kwa gemu, n'kufufutanso mizere yonse ya malamulo oyendetsa gemu imene mnzakeyo analemba, kuti pasadzakhale chonena. Wisdom sanakangane naye. Anangonyamula chikwama chake, osabweranso kukalabu yawo ya makompyuta. Fagness analemba mizere yakeyake, akudziuza kuti kamera ndi nkhani yaing'ono.

Tsopano nkhani yaing'onoyo inali itamukhala pakhosi. Anasintha manambala otembenuzira kamera, dziko n'kuyamba kuzungulira chammbali. Anawabwezera, zimodzimodzi. Aphunzitsi a kalabu anali atapita kukachingamira alendo. Fagness anachita mantha kwambiri.

"Pita ukamupepese Wisdom," anatero Jessie. "Ali pamsika, akugulitsa mpunga wa amalume ake."

"Akandiseka."

"Ndiye sankha: akuseke munthu mmodzi, kapena akuseke alendo onse ndi sukulu yomwe."

Fagness anatuluka chothamanga, n'kuimitsa kabaza pamsewu wafumbi. "Achimwene, pamsika pa Golomoti, mwachangu chonde!"

Atakhala pakaliyala, misozi inayamba kutsika. Anaweramitsa mutu kuti anthu asamuone. Pamenepo m'pamene anaona kapepala ka switi kokodwa m'masipoko a tayala lakumbuyo. Kankakwera, kankatsika, kankakweranso, osapuma. Fagness anaganiza kuti maso ake akanakhala pakapepala paja, bwenzi akuona thambo, nthaka, thambo, nthaka.

Pomwepo anazindikira. Polemba mizere yake ija, kamera anaimangirira ku tayala! Tayala likazungulira, nayo inkazungulira. Anadzutsa mutu. Pakaliyala pamene anakhalapo, msewu unkaoneka woongoka, mitengo ili chilili. Wakabaza atakhota pakona, iye anakhota naye pang'onopang'ono, dziko osapendekeka. Kamera inafunika kukhala pamenepa: yomangidwa ku thupi la njinga, kumbuyo kwa wopalasa, chapamwamba pang'ono, n'kumatembenukira kumanja ndi kumanzere basi.

"Imani!"

Wakabaza anamanga mabuleki. "Mwagwetsa kanthu, achemwali? Tibwerere?"

Fagness anacheuka. Malata a sukulu ankaonekabe pakati pa mitengo ya mango. Akanabwerera pompo, akanakonza zonse alendo asanafike, ndipo Wisdom sakanafunikanso. Kumsika kunali kukadali kutali ndithu.

Koma anakumbukira tsiku lina Wisdom akuloza pakompyuta, akunena kuti, "Kamera ndi pasenjala, Fagi. Tiikhazike pakaliyala." Tsiku limenelo sanamvetsere n'komwe, anali otanganidwa ndi kujambula mbuzi zake. Nzeru imene ankati waitola yekha pamsewuyo inali ya mwini wake. Manyazi anamugwira mpaka kumaso kunatentha.

"Achemwali, dzuwa likuswa mtengo ili. Tipite kuti?"

Kutsogolo kunatulukira galimoto yoyera ya alendo aja, aphunzitsi a kalabu ali pampando wakutsogolo. Inawadutsa n'kulunjika kusukulu, kuwasiyira fumbi lokhalokha. Fagness anailondola ndi maso mpaka inakhota. Akachedwa, alendo sakamudikira, ndipo zimenezo ankazidziwa bwino.

Anapukuta misozi ndi fumbi lomwe, n'kugwiritsitsa chishalo.

"Kumsika komweko, achimwene. Palasani ndithu. Gemu ija ndi ya anthu awiri, ndipo mmodzi ndamusiya."