Belu la Glenorrie

Elias anatuluka kwa ankhoswe ake ku Govan, kudziko la azungu, basi yomaliza itapita kale. Nkhani imene anachedwa nayo inali imodzi: m'mawa mwake mwana wake Chiko ankabatizidwa, ndipo iye anali atanenetsa kuti kutsogolo kwa tchalitchi sakaimako.

Nsanje, abale inu. Munthu injiniya wabwinobwino, wogwira ntchito pa zitsime za mafuta pakati pa nyanja, koma ikamugwira nzeru zinkathawa. Iye ali kunyanjako, wothamangira ndi mkazi wake Nelia kuchipatala kukachira anali Spencer, mkulu wa kwaya. Wolumikiza kabedi ka mwana, Spencer yemweyo. Elias atabwera analiyang'anitsitsa khandalo mpaka anapezapo mphuno ya Spencer, pomwe wina aliyense ankangoona mphuno ya khanda. Nelia analira misozi n'kutha, kenako anangoti, "Mukapanda kuima nane mawa, bambo a Chiko, musadzandipezenso m'nyumba muno."

Mtima uli phuluphulu, Elias anadulira njira ya m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kudutsa pa madoko akale pomwe kale ankakonzerapo sitima. Lero pangotsala maenje akuluakulu a miyala odzaza madzi akuda, udzu ndi mpanda wothyoka. Kamvula kanali kuwaza. M'mutu mwake munali Spencer yekhayekha, akuseka, atanyamula Chiko.

Kenako anamva fungo la malasha.

Anaima. Kumbuyo kwake kunamveka nsapato zolemera... tchwa... tchwa... ngati zodzaza madzi.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

Chichewa! Pa malo ngati amenewo! Elias anacheuka. Anali mwamuna wa msinkhu wake, atavala chijasi chakale cha anthu apasitima, chonyowa chonse. Kuwala kwa getsi la pamsewu kunamugwera mbali imodzi, ndipo Elias anaona kuti khutu lake lamanzere linali logawika kunsi, ngati analing'amba ndi lumo.

"Ndine Tadeyo, wa pa Glenorrie," anatero munthuyo akuyenda naye limodzi. "Anaikhoma pompano sitima imeneyo. Inali ya asilikali apamadzi, koma yathu sinkaombera ayi, inali yonyamula. Ufa, mabulangete, zipolopolo, kuperekera sitima zankhondo. Ine ndinaikwerera ku Durban, ntchito yanga yosonkhezera moto. Tinapita kumpoto kumene madzi amaumira pandevu. Tinapita ku Mombasa, ku Colombo. Nkhondo itatha tinkatuta asilikali, ena oyenda okha, ena m'mabokosi."

"Nkhondo iti?" anafunsa Elias.

Munthuyo anachita ngati sanamve.

"Mwana wa munthu wapasitima amabatizidwira m'belu. Amalitembenuza, kuthiramo madzi, akatha n'kugoba dzina la mwanayo m'kati. Wanga ndinamukana. Ndinabwera kuulendo n'kupeza Vera, mkazi wanga, ali ndi khanda, ine n'kuti ndi la wophika wathu. Tsopano ndikufuna akaligobe dzinalo. Koma sitimayo sindikuipeza, achimwene. Aiika pati?"

Elias anafulumiza. Munthuyo sanatsale. Madzi ankatuluka m'mikono ya chijasi chija osaleka. Sanali a mvula. Ankanunkha matope.

Kunkazizira moti mpweya wa Elias unkaoneka ngati utsi. Pakamwa pa mnzakeyo panalibe kanthu.

Anafika m'mphepete mwa dzenje lomaliza. Elias anakhota. Munthuyo anangopitirira... phazi limodzi, linalo... pamwamba pa mdima.

Madzi sanalire.

"Aiika pati?" mawu aja anamveka kuchokera pansi.

Mayo! Elias analiyatsa liwiro, nsapato imodzi n'kutsala m'matope. Kunyumba sanapite. Anachezera pakhomo la sitolo ina yoyaka magetsi, mano akugundana, mpaka kunja kunayera.

Kutchalitchi analawirira m'mamawa, osati chifukwa cha kulapa, koma ankaopa kukhala yekha. Mpingo wawo wa Amalawi unkapemphera m'tchalitchi chakale cha anthu a ku Govan komweko. Anapezamo mayi mmodzi wokalamba, wa khungu loderako, a Winifred, amene sabata iliyonse ankapukuta mbiya yobatizira. Zaka zonsezi Elias anali asanaiyang'anitsitsepo mbiyayo. Lero anaiona bwino. Linali belu lotembenuza, lokhazikidwa pa mtengo. M'mbali mwake munali zilembo zozondoka, ndipo anachita kupendeketsa mutu kuti aziwerenge: GLENORRIE.

 Elias anagwira benchi.

"Belu ili... linachokera kuti, mayi?" anafunsa m'Chingerezi.

"Pa sitima ya bambo anga, mwanawe," anayankha a Winifred osasiya kupukuta. "Anaiphwanya ine ndili mtsikana, belu n'kupereka ku mpingo. Suzumira m'katimo. Ana onse a anthu apasitimayo alimo. Ine ndekha mulibe."

"Chifukwa?"

"Bambo anandikana. Anali a kwanu komweko, dzina lawo a Tadeyo. Ankati si ine wawo. Usiku woti mawa ndibatizidwa anatuluka m'nyumba atakwiya, nagwera pa doko lija lomaliza. Anawavuula patapita masiku. Mayi anakandibatizira kwina mwakachetechete. Ndakalamba chonchi, bambo anga sanandinyamulepo."

Anatembenuka kuti afinye kansalu kawo, tsitsi loyera n'kupatuka. Khutu lawo lamanzere linali logawika kunsi.

Elias anakhala pansi. Anthu anayamba kulowa, kwaya inayamba kuyesa mawu. Abusa ataitana makolo, Nelia anaimirira yekha, maso ofiira, Chiko ali m'manja. Shawelo inatsetsereka, ndipo Spencer anatuluka pa mzere wa kwaya kuti athandize.

Koma Elias ndiye anayamba kufika, nsapato imodzi kuphazi, sokosi yodzaza matope ikusiya zidindo pa kapeti.

"Khalani, a Spencer, zikomo," anatero. Anatambasula manja kwa mkazi wake. "Ndipatse, Nelia. Ndi wanga."

Nelia anamuyang'ana nthawi yaitali asanamupatse. Pamene abusa ankatunga madzi m'belu muja, a Winifred anali ataima pambali ndi kansalu kawo, akuyang'anitsitsa manja a Elias.