Womaliza Ndiye Amazimitsa

Padoko lathu kuno ku chilumba cha Jeju pali nsanja ya miyala yakuda. Anaimanga makolo athu, boma lisanaganize zotipatsa nyali. Makwerero ake ndi oterera. Pamwamba pali kabokosi kagalasi, m'katimo nyali ya mafuta a nsomba. Lamulo ndi limodzi: woyamba kupita panyanja amayatsa, womaliza kubwera amazimitsa. Akazife sitifunsa munthu. Ukaona mdima pansanja, onse afika, kagone.

Madzulo amenewo ndinkasenda adyo pakhonde. Mabwato anabwerako msanga chifukwa cha mphepo. Linatsala la Man-seok, bambo a Sun-deok, mwamuna wa mnansi wanga Ok-hui. Munthu wamakani ameneyo, koma pa lamulo la nyali ankakalipira ngakhale akuluakulu.

Kenaka nyali inazima.

Posakhalitsa Ok-hui anatulukira, opanda nsapato.

"Achemwali, wazimitsa ndani? Bambo a Sun-deok sanafike."

"Afika amenewo. Ali kumowa, suwadziwa?"

"Bwato palibe."

Tinatenga machesi n'kutsetsereka. Mwala umene Man-seok ankamangirirapo bwato unalibe chingwe. Pamakwerero a nsanja madzi anali chuchuchu, chonsecho mvula sinagwe. Ponseponse pankanunkha ndere za m'nyanja. Munthu wina ankatsika pang'onopang'ono, chafutambuyo, monga ankatsikira Man-seok chifukwa cha bondo lake lovulala.

Sanatiyang'ane.

"Ndine womaliza," anatero. "Kagoneni."

Anazungulira kuseri kwa nsanja. Kumeneko kulibe njira, ndi madzi okhaokha.

Ine ndinangoima pomwepo, machesi ali m'manja. Ok-hui anandilanda machesi n'kukwera. Chingwe cha nyali chinali chonyowa, fwaa, ngati wina wachitsina ndi zala zamadzi. Anachidula n'kuyatsanso.

Bwato silinapezeke, ngakhale thabwa limodzi.

Masiku ano kuli nyali yamagetsi kumapeto kwa doko, yakaleyo palibe msodzi amailabadira. Koma madzulo alionse Ok-hui amakwera ndi botolo la mafuta. Amayatsa, n'kukhala pamwala paja. Kukamacha timapeza yazima, mafuta alimo, makwerero anyowa.

Anthu amanong'ona kuti Ok-hui akuzunza malemu. Amati munthu ngati uja sangagone nyali ikumudikira. Tsiku lina zinandikwana, ndinamutsatira.

"Iwe Ok-hui, aleke apume. Suwamvera chisoni?"

Sanatembenuke n'komwe. Anapitiriza kupukuta galasi ndi mkono wa malaya.

"Achemwali, ndikaleka kuyatsa, adzabwerera chiyani kuno?"