Tiyi Amene Anakanidwa ku Mwezi

Mlawi anatera pabwalo pa a Wedisoni Nampuluma dzuwa litangosuzumira paphiri la Mulanje, nkhuku zonse n'kubalalika. Anali makina a miyendo itatu, otalika ngati mwana woyamba kumene sukulu, ndipo pamwamba pake panali lilime lagalasi lopindika ngati khosi la kakowa. Chilichonse chimene lilimelo lakhudza, kukoma kwake kunkauluka mumlengalenga mpaka ku Mwezi. Kumeneko munthu ankangoika kachitsulo kopyapyala m'kamwa, basi walawa chinthu chimene chili ku Malawi.

A Wedisoni ankaudziwa Mwezi. Anagwira ntchito m'migodi yakumeneko kuyambira tsitsi lili bii mpaka litachita mbuu, monga makolo ankapitira ku Joni. Akazi awo anamwalira iwo ali komweko. Ndipo m'mawa uliwonse ankamwa tiyi wotuluka pampopi, wonunkha dzimbiri. Atabwerera kumudzi, anazula chimanga m'munda wa mbumba n'kubzala tiyi wapamwamba. Ankathyola masamba awiri okha ndi kansonga, kuwafotetsa pamthunzi, n'kuwapota ndi manja. Koma kampani yodyetsa anthu a m'migodi inkatumiza Mlawi kamodzi kokha kwa mlimi aliyense. Ikakana tiyi wako, khomo latsekeka.

"Odi kuno!" anatero Mlawi.

"Lowani!" anayankha a Elube, mlongo wawo wa a Wedisoni, akupukuta manja pachitenje. "Achimwene, kachinthu aka n'kaulemu kuposa ana a masiku ano."

A Wedisoni anafulula tiyi wawo m'kapu yagalasi ndi madzi osawira kwenikweni. Anatuluka wowala ngati uchi wothira madzi.

"Ameneyu samwera kanthu, achemwali. Shuga ayi, mkaka ayi. Musamukhudze."

Apo Mlawi ananena kuti nkhungu ya m'phiri ikutchinga uthenga, pakufunika kukweza kamlongoti kake padenga. A Wedisoni anatenga makwerero n'kuzungulira kuseri.

A Elube anayang'ana kapu ija, anayang'ana mlendo.

"Ndiye inu mumwa madzi otuwawa? Pakhomo panga?"

"Ndimalawa chimene ndapatsidwa, mayi."

"Kwanu n'kuti?"

"Ndagona ku Chileka, koma ondituma ali ku Mwezi."

"Mayo ine! Mlendo wochokera kumwamba, ife n'kumupatsa zimenezi? Akatiseka kumeneko kuti kwa Nampuluma n'koumira."

Anatapa masamba odzaza dzanja, kuwaponya m'ketulo n'kuwiritsa mpaka anachita psuu. Anathira mkaka wa m'mawa womwewo ndi shuga wosaumira, n'kumatsanulira uku ndi uku m'makapu awiri kuti apole. Kenako anafukula mbatata paphulusa, kuipuntha pabondo, n'kuinyema pakati.

"Tiyi sayenda yekha. Chomwera ndi ichi."

Lilime lagalasi linawerama mwachidwi. "Ndiyambe chiti, mayi?"

"Yambani mbatata. Ikafuna kukutsamwani, tsitsirani tiyi."

Padenga paja kamlongoti kanayaka. A Wedisoni anatsika akumwetulira, koma atangotulukira pakona anaona lilime lili m'kapu yachitsulo ya mlongo wawo.

"Elube! Wandipha!"

"Musandikalipire pamaso pa alendo. Chinthu chonena odi ndi mlendo."

Nthawi yomweyo m'mimba mwa Mlawi munayamba kumveka phokoso limene a Wedisoni ankalidziwa bwino: mbale zachitsulo za m'holo yodyeramo ku mgodi. Kampani inkagawira tizitsulo kwa antchito onse a m'mawa kuti alawe ndi kusankha okha. Phokoso lija linazirala pang'onopang'ono mpaka kunangoti zii. A Wedisoni anagwira chitseko. Kodi anthuwo anyansidwa? Kodi uthenga waduka?

"Iyi ndi mbatata yapaphulusa," anatero mawu a bambo wina, motsitsa. "Amwene, mpaka phulusa lake ndalimva."

"Shuga wake ngati wa amayi anga," anatero wina. Wina anaseka, wina anatsokomola, ndipo chapatali wina ankafwenthera osaleka. Kenako mayi wina wa udindo analamula m'Chingerezi kuti azimitse.

Yankho linafika sabata yotsatira: tiyi wa Nampuluma wakanidwa, ndipo Mlawi sadzabweranso. Kukoma sanakutchule n'komwe. Anati kuyambira tsiku lolawa lija antchito akungofola pa ofesi kupempha malo m'chombo chobwerera kudziko, ndipo mgodi umodzi waima.

A Wedisoni anakhala mwezi wathunthu akulankhula ndi mlongo wawo kudzera mwa nkhuku. "Inu nkhuku, kauzeni eni khomo kuti chimanga ndinazula pachabe." A Elube ankangosesa pabwalo.

Mvula yoyamba itagwa, a Wedisoni ali m'munda, anaona amuna akukwera kanjira kochokera kumsewu. Ankayenda mokoka miyendo, kupumira pamtengo uliwonse. Anawazindikira msanga, poti nawonso anayendapo choncho: munthu akakhalitsa ku Mwezi, miyendo imaiwala kulemera kwa dziko. Ena anali a ku Thyolo, ena a ku Chipata, wina wa ku Milanje kutsidya kwa malire. Onse anali asanafike kwawo.

"Ndi pano pa tiyi paja?"

A Wedisoni anasiya ntchito pomwepo. Anathamangira m'nyumba, natulutsa makapu agalasi, nafulula tiyi wawo wowala uja mosamala ngati mankhwala. Amunawo anamwa mwaulemu, akuyang'anizana.

"Ndi wabwino ndithu, bambo," anatero wamkulu wawo, akuika kapu pansi pang'onopang'ono. "Koma mayi aja tinawamva mawu tsiku lija alipo?"

Kukhitchini, ketulo inali italira kale.

A Wedisoni anakhala pakhonde n'kumawayang'ana akupuntha mbatata m'mabondo. Zaka zonsezi ankafunafuna njira yoti tiyi akafike kwa anthu, osadziwa kuti kuli tiyi wina amene sapita kulikonse, amangoitana eni ake abwere.