Fungo la ku Mabotolo

Leitangi anali kupala kokonati wothira mu chakudya chamadzulo pamene Toara, mwamuna wa nyumba yoyandikana ndi yake, anadutsa pabwalo osapereka moni. Zinali zachilendo, pakuti Toara sankadutsa khomo la munthu osasiyapo nthabwala. Tsiku limenelo ankangokhwekhwereza mapazi mumchenga, ndipo agalu amene ankamuthamangira masiku onse anakabisala pansi pa nyumba.

"Bambo a Leisei, nyanja yakumanani lero?" anafunsa Leitangi.

Toara sanacheuke. Anangosiya fungo m'mbuyo mwake, ndipo Leitangi analeka kupala. Fungolo ankalidziwa kuposa munthu aliyense m'mudzi wa Emaltu. Linali la madzi oviikamo zinthu kuti zisawole, a ku Mabotolo.

Ku Mabotolo ndi dzina limene anthu anapatsa nyumba zoyera za kutsidya kwa mtsinje, kumene kampani ina yakunja inkafufuza mankhwala kuchokera ku tizomera tofewa ta m'matanthwe a pansi pa nyanja. Leitangi ankatsukako mabotolo chimwalirire mwamuna wake. Amuna a m'mudzi ndiwo ankatsika pansi pa madzi kukazula tizomerato. Magetsi a m'tchalitchi, thanki ya madzi akumwa, namwino wobwera Lachinayi, zonsezi zinkachokera kumeneko. Ngakhale jakisoni wa matenda a shuga wa mayi Leipakoa, mkazi wa a Kalorib, mkulu wa mpingo, ankasungidwa mufiriji ya komweko, chifukwa m'mudzimo munalibe ina.

Toara sanadye tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Anangokhala pamphasa, maso ali kukhoma. Mkazi wake akamufunsa ankayankha mawu amodzi okha: "Ndatopa." Sabata isanathe anamwalira. Osambitsa mtembo anatuluka akunong'onezana kuti unali wopepuka ngati dengu lopanda kanthu, ndi kuti akaukanikiza pamimba munkamveka tswaa, tswaa, ngati masamba ouma.

Ku nakamal, kumene amuna amamwera kava, chakumwa chawo cha mizu, dzuwa likalowa, palibe amene anatchula mawu akuti nakaimas, ufiti wa kumeneko, koma aliyense ankawaganiza. Nkhani yake ankaidziwa kuyambira ali ana. Mfiti imakupeza uli wekha panjira, imakugoneka, imachotsa zam'kati n'kuikamo masamba, kenako imakudzutsa kuti ukafere kwanu. Lilime imalimanga kuti usatchule dzina lake.

Maliro a Toara asanaiwalike, Maseng, mnzake wotsika naye pansi pa nyanja, naye anabwera kunyumba akukhwekhwereza mapazi. Fungo lomwe lija. Mawu omwe aja. Anthu anakumba manda ena, anapha nkhumba ina, anaimba nyimbo zomwe zija ndi mawu osasa. Kulira kwenikweni kunali kutawathera.

Apa m'pamene maso anayamba kutembenukira kwa Leitangi. Kuthanki, amayi ankasuntha zidebe zawo iye akafika.

"Ena amanunkha choncho ali moyo," anatero mayi wina, akuyang'ana kumbali.

"Ndimatsuka mabotolo, mayi. Mukufuna ndizinunkha maluwa?"

"Ine ndatchula munthu?"

Madzulo ake mlongo wake wamng'ono, Kalmet, anabwera n'kukhala pachitsa cha pakhomo. Nayenso anali mmodzi wa otsika pansi pa nyanja. Anakana chinangwa chimene anamupatsa.

"Achemwali, ndatsala ndine."

"Usalankhule zolaula iwe."

"Tinali atatu. Ine, Toara ndi Maseng. Paipi yotayira madzi oipa a ku Mabotolo inathyoka pafupi ndi gombe. Nsomba zikuyandama, nkhanu za m'matope zafa. Ana athu amasamba pomwepo. Tinagwirizana kuti tikanene pamsonkhano wa mudzi, pamaso pa Dokotala Renshaw, mayi woyang'anira ku Mabotolo uja."

"Munauza ndani?"

Kalmet anakanda pansi ndi chala cha kuphazi. "Amalume okha."

Amalume awo anali a Kalorib omwewo. Iwo ndiwo ankalankhulira mudzi kwa azungu a ku Mabotolo, ndiponso azunguwo kwa mudzi. Ndiwo analera Leitangi ndi Kalmet mayi awo atamwalira.

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati tidikire. Anati boma likamva lidzatseka malowo, azungu adzapakira katundu, ndipo firiji idzapita nawo."

"Ukunena munthu amene anakuphunzitsa kupalasa bwato," anatero Leitangi. "Pita ukagone. Mantha akukulankhulitsa."

Koma iye mwini tulo sanatione bwino kuyambira tsiku limenelo. Kuntchito ankatsuka botolo limodzi kawiri osazindikira. Tsiku lina anaona a Kalorib akutuluka m'chipinda chosungiramo katundu, chigubu chaching'ono chili m'thumba la mpunga. Anadziuza kuti ndi palafini.

Kutatsala tsiku limodzi kuti msonkhano uchitike, Leitangi anaweruka mochedwerapo. Dzuwa linali litafiira, udzudzu utayamba. Atafika pamene njira imalowa m'minda ya koko, anazindikira kuti tizilombo tonse ta m'thengo tasiya kulira. Kenako fungo linamupeza, lamphamvu moti maso anachita misozi. Ndipo anamva phokoso laling'ono, lodekha, ngati la munthu amene akulongedza masamba ouma m'thumba. Tswaa. Tswaa.

Anapatuka masitepe ochepa. Pansi pa mtengo waukulu Kalmet anali chagada, maso ali otsegula, malaya atakwezedwa mpaka pachifuwa. Pambali pake panagwada a Kalorib, manja a malaya awo oyera a kutchalitchi atapindidwa bwinobwino. Magazi panalibe. Anatenga masamba a nthochi ouma, n'kuwaviika m'chigubu, n'kuwalowetsa m'nthiti mwa Kalmet ngati mmene mayi amalongera laplap, chakudya cha chinangwa chopala, m'masamba. Atamaliza anapukuta pamalopo ndi chikhatho, khungu n'kutsekeka.

Leitangi anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi. Mkuluyo anatembenuka. Nkhope yake sinali ya chilombo. Inali ya nkhalamba yotopa, imene yagwira ntchito yosaifuna.

"Wachedwa kuweruka, mwana wanga."

"Amalume..."

"Ndinawauza kuti adikire. Onse atatu ndinawauza." Anapukuta manja paudzu. "Azakhali ako sangathe mwezi popanda jakisoni uja. Ana a sukulu amawerenga ndi magetsi a ndani? Iwe umadya za kuti? Mudzi wonse ndausenza ndekha, ndipo msana wanga watha."

"Ndi mwana wa mlongo wanu uyu!"

"Ndikudziwa. Fungo ili ndinkati anthu aziti ndi ngozi ya kuntchito. Sindinaganize kuti aloza iwe. Pamenepo ndinalakwa." Anaimirira movutikira, atagwira bondo. "Pita kunyumba. Akupeza."

Anamupezadi. Leitangi atangokoleza moto anamva mapazi akukhwekhwereza pabwalo. Kalmet anakhala pachitsa. Mlongo wake anagwada, n'kumugwira nkhope ndi manja onse awiri.

"Kalmet, tchula dzina. Ungotchula, anthu amve."

Milomo inagwedera nthawi yaitali. "Ndatopa, achemwali."

Msonkhano anauimitsa chifukwa cha matendawo, kenako chifukwa cha maliro a Kalmet. Pamanda, a Kalorib ndiwo anatsogolera pemphero, ndipo misozi yawo inali yeniyeni. Anthu atabwerera pabwalo la tchalitchi, Leitangi anaimirira pakati pawo, ngakhale si mwambo kuti mkazi alankhule pamenepo. Ananena zonse: paipi, chigubu, masamba, mtengo uja. Sanakuwe. Mphamvu zokuwira analibe.

Palibe amene anamutsutsa. Chimenecho ndicho chinamuopsa kuposa zimene anaona m'munda muja. Amuna anayang'ana pansi. Mkazi wa Toara anakoka mwana wake n'kumukumbatira. Mayi Leipakoa, atakhala pampando wawo ndi miyendo yotupa, anatseka maso. Leitangi anazindikira kuti ambiri ankadziwa kale, ndipo ena ankadziwa Maseng asanafe.

"Wafedwa uyu," anatero bambo wina pomaliza, mwaulemu. "Mutengeni akapume."

Mawa lake Leitangi anapita yekha kwa Dokotala Renshaw n'kumuuza za paipi. Za masamba sananene, pakuti akanayambira pati? Mayiyo anagwira pakamwa, n'kufunsa chifukwa chake palibe anamuuza msanga. Anaitanitsa amisiri awiri kuchokera ku Vila, likulu la dzikolo, ndipo paipiyo anaikonza masana amodzi. Boma silinatseke kanthu. Firiji sinasunthe. Leitangi anaima pagombe akuonerera amisiriwo akutsuka m'manja, akuseka, akufunsa kumene angapeze kava wabwino. Anakhala pansi pamchenga, ndipo sanadzuke mpaka mafunde atamunyowetsa chitenje.

Anaganiza zochoka, koma akanapita kuti? Manda a mwamuna wake ndi a Kalmet anali pomwepo. Lolemba anabwerera ku mabotolo ake.

Msonkhano unachitika mwezi wotsatira, pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu. Dokotala Renshaw anapepesa za paipi, nalonjeza kuti aziyeza madzi a pagombe pafupipafupi. Kenako anapempha a Kalorib kuti amasulire funso lake lomaliza.

Mkuluyo anaimirira, atagwira bondo. "Akufunsa ngati alipo wina amene ali ndi dandaulo lililonse. Akuti musaope."

A Kalorib anayendetsa maso pang'onopang'ono, munthu mmodzimmodzi, mpaka anafika pa Leitangi. Pamenepo anadikira. Leitangi anayang'ana manja ake, osuwa ndi sopo, ndipo sanawakweze.

Dokotala Renshaw anamwetulira, n'kunena mawu ena achingerezi.

"Akuthokoza," anatero a Kalorib. "Akuti agwira ntchito m'maiko ambiri, koma mudzi wamtendere ngati uno sanauonepo."